Mapu a Pakhoma la Bambo Semadeni

M'chipinda cha Bambo Semadeni, ku Orange Grove,
muli mapu aakulu ngati lichero,
achikasu m'mbali, galasi lake long'aluka pakona.
Lachiwiri lililonse ndimapukuta fumbi la m'migodi
lomwe limalowa ngakhale mawindo atatsekedwa.

Iwo amati, Filesi, bwera nawo kuno.
Mapuwo ndimawagoneka pa maondo awo owuma aja,
pamwamba pa bulangete,
chala chawo n'kuuyamba ulendo
kuchokera kumtunda, pomwe pepala layera mbee.
Iwo amati ndi madzi oundana osasungunuka,
ine ndimati ndi pomwe inki inathera.
Chalacho chimatsetsereka ndi mtsinje umodzi wokha
m'chigwa chopapatiza ngati mpata wa mano,
mapiri uku, mapiri uko.

Poschiavo, amatero. Kenako nyanja,
yaing'ono moti chala chachikulu chimaibisa yonse.
Kenako Brusio, pomwe sitima yofiira imazungulira
ngati galu wofuna kugona.
Kenako mzere wa madontho, malire ndi Italiya.
Basi, boma lonse latha pomwepo.
Matauni awiri, ndi timidzi tomatirira m'mapiri
ngati zisa za namzeze.

Muli anthu angati? ndinafunsa tsiku lina
ndikuwawenga zikhadabo.
Zikwi zinayi ndi mazana angapo, anayankha,
ndipo onse ndi olembedwa,
ngakhale ng'ombe zili ndi nambala kukhutu.
Ndinaseka mpaka duku linamasuka.
Anthu ochuluka choncho ndimawapeza pa Noord m'mawa uliwonse
pa mzere wa takisi, sikisi koloko isanakwane.
Mafuleti atatu a ku Hillbrow angawameze onse,
malo n'kutsalako a mnyamata wometa tsitsi pakhonde.

Iwo sanaseke. Anati, ine anandichotsera.
Chaka chomwe ndinakwera sitima kudzaphika buledi kuno
kalaliki wina anachotsa mmodzi pa chiwerengero
ndipo sanam'bwezeretsenso.

Ndinangoti zii, lumo lili m'manja.
Ine kuno palibe amene anandiwonjezera.
Masiku a m'pasipoti yanga anatha chaka cha dzana,
ili m'sokosi, pansi pa matiresi ku Yeoville.
Akabwera owerenga anthu ndi mafomu awo
timazimitsa wailesi, mwana timam'gwira pakamwa,
iwo n'kulemba kuti m'chipindamo mulibe munthu.
Kwathu ku Neno mwina akundiwerengabe:
amayi salola dzina langa lifafanizidwe
m'kaundula wa makuponi a feteleza.

Dzulo sanandizindikire.
Ananditchula dzina la mlongo wawo yemwe anatsogola kalekale,
n'kundilankhula chilankhulo chakwawo, chonga kulira kwa njiwa.
Koma chala sichinasochere.
Madzi oundana, mtsinje, Poschiavo, nyanja,
chinakaima pa kadontho kopanda dzina
n'kukanikiza mpaka nsonga yake inayera.

Mwana wawo, Renata, wayamba kale
kumata timapepala pa katundu wa m'nyumba:
ichi n'chogulitsa, ichi n'chotaya.
Pa mapu sanamatepo kanthu. Akuti akuganizabe.

Madzulo, magetsi atazima monga mwa ndandanda,
ndinatembenuza bilu ya madzi
n'kujambula kuseri kwake ndi bolopeni, foni ikundiunikira.
Lisungwi apa. Wamkulumadzi apa.
Msewu wokwera ku Dambe, womwe magalimoto amaukana mvula ikagwa.
Msika wa Ligowe, mulu wa manachesi pa thumba la saka,
chigayo, mjigo umene umalira ngati mbuzi.
Nditafika pa nyumba yathu, inki inakana.
Ndinauzira nsonga, ndinakwecha pachikhatho, osatheka.

Ndasiya poyera pomwepo.
Lachiwiri ndikawaonetsa pepalali
ngati adzakhale ali maso,
ndimve ngati anene kuti nakonso ndi madzi oundana.